Kudulira ndi kusamalira agapanthus m'nyengo ya ku Mzuzu

Mukamayenda m'misewu ya ku Katoto, Chimaliro kapena Kaning'ina mvula itangoyamba, simulephera kuona duwa lina m'mphepete mwa mipanda ndi m'mbali mwa njira zolowera kunyumba. Masamba ake ndi aatali, osalala ngati malamba, ndipo pakati pawo pamatuluka phesi lowongoka, lopanda tsamba ngakhale limodzi, litasenza mutu wozungulira wa timaluwa tabuluu kapena toyera. Ameneyo ndiye agapanthus. Kwawo kwenikweni ndi kumwera kwa Africa konkuno: South Africa, Lesotho, Eswatini ndi Mozambique. Pa Chingerezi amamutcha African lily kapena lily of the Nile, ngakhale kuti sachokera ku mtsinje wa Nile. Dzina loti agapanthus ndi la Chigiriki, mawu awiri olumikiza: agape, kutanthauza chikondi, ndi anthos, kutanthauza duwa.

Nyengo ya Mzuzu imamuyanja. Mzindawu uli pamtunda, mamita pafupifupi 1,250 kukwera kwake poyerekeza ndi nyanja yamchere, kumazizira mu Juni ndi Julayi, ndipo dzuwa la Okutobala siliwotcha ngati la ku Karonga kapena Nkhata Bay. N'chifukwa chake zimamvetsa chisoni kuona zitsinde zikuluzikulu zili masamba okhaokha chaka ndi chaka, mwini wake akuthirira, akuthira feteleza, koma phesi la duwa osaoneka. Nthawi zambiri cholakwika chimakhala m'manja mwa wodulira.

Tikamati kudulira, ambirife timaganiza za mpanda, khofi kapena mtengo wa zipatso, zomwe ukazidula nthambi zimaphukira zina zochuluka. Agapanthus alibe nthambi. Fukulani pang'ono m'mbali mwa chitsinde ndipo mupeza tsinde lonenepa logona m'nthaka, lofananako ndi jinja, lokhala ndi mizu yoyera, yonenepa ngati pensulo, yodzaza madzi. Pa tsinde limeneli ndi pamene pamatuluka mphukira, iliyonse ndi masamba ake otuluka mbali ziwiri, lina uku lina uko. Duwa limayambira mkati mwenimweni mwa mphukira, pansi pakhosi pake (pomwe masamba akumana ndi tsinde), miyezi ingapo lisanaoneke ndi maso. Chakudya chomangira duwalo chimapangidwa ndi masamba obiriwira n'kusungidwa m'tsinde ndi m'mizu. Ndiye munthu akabwera ndi chikwanje kapena silasha mu Epulo n'kumweta chitsinde chonse kuti pakhomo paoneke bwino, wadula njira ya chakudya panthawi yomwe duwa la chaka chamawa likupangika. Chitsinde sichifa, chimaphukiranso bwinobwino, koma mphamvu yonse imathera pobwezeretsa masamba. Tsamba lodulidwa pakati silimeranso nsonga. Limangotalika kuchokera pansi, kumutu kuli chilonda chofiirira mpaka lidzaume.

Zoyenera kudula pa agapanthus ndi ziwiri basi: phesi lomwe latha ntchito ndi tsamba lomwe lafa.

Kudula mapesi

Kuno ambiri amachita maluwa m'miyezi yoyambirira ya dzinja, cha mu Novembala mpaka Januwale kapena Febuluwale. Timaluwa ta pamutu sititseguka tsiku limodzi. Timasinthana kwa masabata angapo, ndipo mutu umodzi waukulu ukhoza kukhala ndi timaluwa tofika 100. Pamene tomalizira tikufota, pamalo pa toyambirira pamakhala pataoneka kale timakoko tobiriwira ta ngodya zitatu, tolendewera pansi. Imeneyo ndi nthawi yodula. Mukachedwa, chitsinde chimayamba kukhwimitsa njere, ntchito yomwe imadya chakudya chambiri chomwe chikanapita ku mphukira zatsopano.

Musamangodula mutu n'kusiya ndodo itaima. Tsatirani phesi ndi dzanja mpaka pomwe latulukira pakati pa masamba, n'kulidula masentimita 3 mpaka 5 pamwamba pa khosi la mphukira. Dulani mopendeketsa kuti madzi a mvula asadikhe pachilonda. Izi n'zofunika kwambiri ku Mzuzu, chifukwa mumadula mvula ili pakati, ndipo kachitsa kodikha madzi kamawola n'kutsitsira matenda kukhosi. Sankhani tsiku lomwe kwacha ndi dzuwa, mame atauma, kuti chilonda chiume dzuwa lisanalowe. Phesi lobiriwira musalizule pokoka. Limagwira zolimba, ndipo mukalimbana nalo limatuluka ndi mtima wa mphukira. Lomwe lauma lokha mpaka kuyera ngati phesi la chimanga ndilo limachoka mukangolipotokola pang'ono.

Chida chake ndi sizasi yodulira maluwa kapena mpeni wakuthwa. Mpeni wobuntha umafinya phesi m'malo modula, ndipo malo ofinyika ndi amene amayamba kuwola. Pochoka pa chitsinde china kupita pa chinzake, pukutani chida ndi spiriti, kapena chiviikeni m'madzi a Jik, muyezo umodzi wa Jik pa miyezo 9 ya madzi, kenako muchitsuke kuti chisachite dzimbiri. Mavairasi a agapanthus amayenda ndi utomoni wa pampeni, ndipo chitsinde chikadwala vairasi sichichira.

Utomoni womwewo umayabwa. Ndi woterera ngati therere, ndipo kwa anthu ena ukakhudza khungu umatulutsa zidzolo, m'maso umawawa kwambiri. Valani magolovesi, ngati mulibe valani majumbo m'manja, ndipo mukamaliza sambani ndi sopo musanagwire kumaso. Mbali zonse za chomerachi sizidyedwa, zimawotcha m'kamwa ndi kutsegula m'mimba. Pakhomo pomwe pali ana aang'ono, mapesi ndi mizu yodulidwa zisamasiyidwe pabwalo, ndiponso agapanthus asamadzalidwe pamzere umodzi ndi anyezi kapena adyo, pomwe mwana wotumidwa kukathyola ndiwo angasokoneze masamba.

Ena amayembekezera kuti akadula phesi, lina lituluka pomwepo monga amachitira ma rozi. Mitundu yambiri ya agapanthus imachita maluwa kamodzi pachaka. Phindu la kudula limaoneka chaka chotsatira. Palinso phindu lina: njere zake ndi zakuda, zopyapyala, zokhala ndi kaphiko, ndipo zimauluka ndi mphepo kapena kukokoloka ndi madzi n'kukamera komwe simunafune. Ku New Zealand ndi madera ena a Australia duwali linathawa m'minda ya maluwa n'kufalikira m'tchire, moti kumeneko limawerengedwa m'gulu la zomera zowononga. Amene nyumba zawo zayandikana ndi nkhalango ya Kaning'ina kapena mtsinje wa Lunyangwa achite bwino kudula mitu njere zisanakhwime, ndipo zitsinde zozulidwa asamazitaye kuseri kwa mpanda, chifukwa zimagwira ngakhale zitangogona pamwamba pa nthaka.

Wofuna maluwa oika m'nyumba kapena kukongoletsera kutchalitchi adule m'mamawa, pamene gawo limodzi mwa magawo atatu a timaluwa latseguka. Aike mapesi m'madzi nthawi yomweyo, azisintha madzi pakapita masiku awiri, n'kumadulako sentimita imodzi kunsi kwa phesi. Akatero amakhala sabata yathunthu kapena kupitirirapo.

Masamba

Apa muyenera kudziwa kaye mtundu womwe muli nawo, poti ilipo ya magulu awiri. Gulu loyamba silitaya masamba chaka chonse. M'gululi muli Agapanthus praecox, wochokera ku Eastern Cape ndi madera oyandikana nawo, yemwe ndi kholo la agapanthus ambiri a m'minda ya maluwa, ndi Agapanthus africanus wa kumapiri a Western Cape, yemwe ndi wovuta kulima ngakhale dzina lake limalembedwa kawirikawiri pa mbande zomwe si zake. Gulu lachiwiri limayoyola masamba nthawi yozizira n'kugona m'nthaka mpaka kutafunda: Agapanthus campanulatus, caulescens, coddii ndi inapertus, yemwe timaluwa take timazolika pansi ngati timabelu. Kuzindikira kwake n'kosavuta. Yang'anani chitsinde mu Julayi. Ngati chili chobiriwira ndi masamba okhuthala, ndi cha gulu loyamba. Ngati masamba onse achita chikasu n'kugwa pamodzi popanda chizindikiro cha matenda, ndi cha gulu lachiwiri, ndipo sichinafe.

Kwa osayoyola masamba, ntchito ndi yongopalira ndi manja. Masamba akale amakhala kunja ndi pansi. Amayamba chikasu, kenako amafiira n'kuuma. Lowetsani dzanja pansi pa chitsinde, gwirani tsamba louma pafupi ndi khosi, likokereni cham'mbali. Louma bwino limachoka lokha. Likakana, lidulireni pakhosi ndi mpeni. Tsamba lomwe langoyamba chikasu lisiyeni limalize, chifukwa chomera chimakhala chikubweza chakudya kuchokera mmenemo. Ntchitoyi ichitike kawiri pachaka: mu Okutobala mvula isanagwe, kuti nkhono zisapeze pobisala, ndi mu Meyi mvula ikatha, kuchotsa zonse zomwe zanyowa n'kumatirira pakhosi. Mukatsegula chitsinde chomwe sichinapaliridwe zaka ziwiri mupeza chiunjiko cha masamba akuda, oterera, onunkha chinyezi, nkhono zitamatirira kunsi kwake ndi timazira tawo toyera ngati mikanda. Zonsezo zichoke mpaka khosi la mphukira iliyonse lioneke ndi kupitidwa mphepo.

Kwa oyoyola masamba, dikirani mpaka masamba onse aferatu, cha mu Juni kapena Julayi, kenako muwadule masentimita 5 mpaka 10 kuchokera pansi. Zikani kamtengo pamalopo. Zitsinde zambiri za mtunduwu zimaphedwa ndi khasu la munthu amene waona malo opanda kanthu n'kuganiza zodzalapo china.

M'malo otsika, kufupi ndi madambo, ndiponso kumtunda kwa Viphya cha ku Chikangawa, chisanu cha Juni ndi Julayi chimatha kuwaula nsonga za masamba. Musathamangire kudula. Masamba owaukawo amatchinjiriza mitima ya mphukira ku chisanu chotsatira. Adikireni mpaka kumapeto kwa Ogasiti.

Pali nthawi imodzi yokha yomwe kumweta chitsinde chonse kuli koyenera: pamene masamba agwidwa matenda kapena tizilombo moti palibe chopulumutsa. Apo dulani masentimita 10 mpaka 15 kuchokera pansi, otchani zodulidwazo, ndipo dziwani kuti maluwa a chaka chimenecho mwina simuwaona.

Kugawa chitsinde

Uku ndiye kudulira kwenikweni kwa agapanthus, kochitikira pansi pa nthaka. Chaka chilichonse tsinde limabala mphukira zatsopano m'mbali, ndipo chitsinde chimakula mozungulira. Poyamba kuthithikana kumamukomera, ndipo chitsinde cha zaka ziwiri kapena zitatu ndicho chimachita maluwa ambiri. Koma pakapita nthawi mizu imalukana mpaka madzi kulephera kulowa, matsinde amakwerana n'kutulukira pamwamba pa nthaka, pakati pamayamba kufa, masamba amachepa m'lifupi, mapesi amafupika n'kumatuluka m'mphepete mokha. Mukaona zimenezi, nthawi yogawa yakwana. Osayoyola masamba amagawidwa pakapita zaka zinayi kapena zisanu. Oyoyola masamba sakonda kusokonezedwa, asiyeni zaka zisanu ndi chimodzi. Kugawa chaka ndi chaka, monga amachitira ena pofuna kudzaza mpanda msanga, n'chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu zosowetsa maluwa.

Nthawi yake ndi maluwa akatha. Alimi a ku South Africa amagawa cha mu Malichi, koma Mzuzu ali ndi mvula yakeyake. Pamene anzathu a ku Lilongwe akuyamba kuumitsa chimanga, kuno Malichi ndi Epulo mvula imakhala ikugwa mwamphamvu, ndipo tsinde lodulidwa kumene likakhala m'matope masiku angapo limawola. Ife tikuona kuti nthawi yabwino ndi kumapeto kwa Epulo mpaka mu Meyi, mvula yamphamvu itadutsa koma nthaka ikadali ndi chinyezi. Mawawa ndi nkhungu za Juni zimathandiza mbande kugwira popanda kuthirira kwambiri. Amene munda wake uli pamtunda wosadikha madzi akhoza kugawa mu Febuluwale kapena Malichi. Oyoyola masamba agawidwe kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Sepitembala, asanayambe kuphuka.

Ngati nthaka yauma, thirirani dzulo lake. Kumbani mozungulira, masentimita 20 mpaka 25 kutali ndi masamba akunja, kuya kwake masentimita 30. Foloko ya m'dimba ndi yabwino kuposa khasu chifukwa sidula mizu yambiri. Chitsinde chachikulu ndi cholemera, chimafuna anthu awiri, wina kutukula ndi foloko, wina kukoka. Chikatuluka chigonekeni cham'mbali, gwedezani dothi kapena litsukeni ndi madzi kuti muone pomwe matsinde alumikizana. Chaching'ono chimagawika ndi manja. Chachikulu chimafuna chikwanje chakuthwa kapena fosholo: ikani pakati pa mphukira ziwiri, dulani kamodzi mwamphamvu mpaka pansi. Kucheka mobwerezabwereza kumangonyenya tsinde.

Gawo lililonse likhale ndi mphukira zitatu kapena zisanu ndi mizu yake. Mphukira imodzi payokha imagwira ndithu, koma imatenga zaka ziwiri kapena zitatu kuti ichite duwa, pomwe gawo lalikulu limatha kuchita chaka chotsatira. Pakati pa chitsinde, pomwe tsinde ndi lakuda, lolimba ngati nkhuni kapena lofewa ndi lonunkha, tayani. Muzu wamoyo ndi woyera ndi wolimba. Wofiirira, wophwanyika mukaufinya, wafa, uchotseni. Mizu yotsalayo ifupikitseni, itsale masentimita 10 mpaka 15, ndipo masamba muwadule theka. Apa pokha ndi pomwe tsamba lobiriwira lopanda matenda limadulidwa mwadala, chifukwa mizu yochepayo singathe kumwetsa masamba onse. Pazilonda za tsinde wazani phulusa la nkhuni, ikani magawowo pamthunzi kwa maola angapo kapena usiku umodzi kuti zilonda ziume, n'kudzala mawa lake. Asagone padzuwa, mizu yake ikauma sibwerera.

Dzenje likhale masentimita 30 kuya ndi 30 m'lifupi. Sakanizani dothi lapamwamba ndi fosholo imodzi kapena ziwiri za manyowa owolerana bwino. Umbani kachulu pakati pa dzenje, khazikani tsinde pamwamba pake, yalani mizu motsetsereka mbali zonse, kwirirani. Khosi, pomwe mbali yoyera ya masamba ikumana ndi tsinde, lilingane ndi nthaka. Mukalikwirira mozama limawola kapena limangobala masamba. Mitundu ikuluikulu italikirane masentimita 50 mpaka 60, ing'onoing'ono 25 mpaka 30. Tsenderani ndi manja, thirirani keni imodzi, kenako kawiri pasabata kwa mwezi ndi theka ngati mvula kulibe. Feteleza asathiridwe mpaka tsamba latsopano litatuluka pakati.

Malo, nthaka ndi madzi

Agapanthus amafuna dzuwa la maola asanu ndi limodzi patsiku kapena kuposerapo. M'madera otentha amapirira mthunzi wamasana, koma ku Mzuzu, komwe mitambo ndi nkhungu zimaphimba dzuwa masiku ambiri, mthunzi wowonjezera umamulanda maluwa. Zitsinde zambiri zinadzalidwa pamtetete, kenako paini, bulugamu kapena mapeyala oyandikana nazo anakula n'kuziphimba. Chizindikiro chake ndi masamba aatali, obiriwira kwambiri, ogwa pansi, ndi mapesi ochepa opendekera komwe kuli kuwala. Palibe feteleza amene angakonze zimenezi. Dulirani nthambi za mtengo kapena samutsani chitsinde.

Mizu yodzaza madzi ija imamuthandiza kupirira chilimwe, koma ndi yomweyonso imawola msanga madzi akadikha. Katondo wofiira wa m'mitunda ya Mzuzu amamuyanja bola asakanizidwe ndi manyowa. M'malo otsika ngati mbali zina za Chibavi ndi Chiputula, komwe madzi amakhalitsa m'dzinja, dzalani pabedi lokwezeka masentimita 20 mpaka 30, losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje. Kuyesa kwake kumbani dzenje la masentimita 30, lidzazeni madzi, mubwereko mawa lake. Mukapeza madzi akadalimo, pamenepo pafunika bedi lokwezeka. Pewaninso pansi penipeni pa malata opanda gatala, pomwe madzi a padenga amagwera pakhosi pa mphukira n'kukumba mizu.

Kumalo otsetsereka, monga ku Masasa, mizu yolukanayi ndi yothandiza. Mzere wa agapanthus wodzalidwa mopingasa chitunda, motalikirana masentimita 30 mpaka 40, umagwira dothi lapamwamba n'kuchepetsa liwiro la madzi. Koma mizu yake siizama ngati ya vetiva, ndiye pagomo lalikulu kapena pomwe payamba kale chigwembe musadalire duwali lokha.

Pa kuthirira, nthawi ziwiri ndi zofunika. Yoyamba ndi miyezi yotsatira maluwa, pamene duwa lamawa likupangika, ndipo kuno mvula imagwira yokha ntchitoyi. Yachiwiri ndi Sepitembala ndi Okutobala, pamene mapesi akukonzekera kutuluka koma kunja kuli ng'amba. Chitsinde chachikulu chipatseni keni ya malita 10 kamodzi pasabata, pansi osati pamasamba. Kuthirira kamodzi kokwanira kumaposa kuwaza pang'onopang'ono tsiku lililonse, komwe kumangonyowetsa khosi mizu ili youma. Mu Juni ndi Julayi chepetsani, ndipo oyoyola masamba musawathirire konse mpaka ataphuka. Phimbirani nthaka ndi udzu wouma, masamba owolerana kapena makoko a khofi, kukhuthala masentimita 5, koma siyani mpata wa chikhatho kuzungulira khosi poopa chiswe ndi kuwola. Utuchi wa paini, womwe umapezeka mosavuta kuno, ukhale wogonera miyezi ingapo ndipo ungoyalidwa pamwamba. Wauwisi ukasakanizidwa ndi dothi umalanda nayitrojeni pamene ukuwola, masamba n'kuchita chikasu.

Chakudya

Feteleza amene amapezeka m'nyumba zambiri ndi wotsala ku chimanga, ndipo apa ndi pomwe ambiri amalakwira. Urea ali ndi nayitrojeni 46 pa 100 iliyonse, alibe china. Mukamuthira pa agapanthus mupeza masamba onenepa, ofewa, okoma kwa nkhono, koma maluwa ochepa. Duwali limafuna potaziyamu wokwanira ndi nayitrojeni wapang'ono. Mwa feteleza wopezeka m'masitolo a zaulimi, D Compound wa alimi a fodya ndi mbatatesi ndiye woyenera, popeza fosifolasi ndi potaziyamu wake amaposa nayitrojeni. Thirani dzanja limodzi, magalamu pafupifupi 50, pa sikweya mita imodzi, kawiri pachaka: koyamba pamene mwayamba kuthirira mu Sepitembala kapena ndi mvula yoyamba, kachiwiri mukangodula mapesi. Wazani mozungulira, kutali ndi khosi masentimita 10, palirani pang'ono kuti alowe, thirirani. Mbulu za feteleza zikagwera pakati pa masamba zimawotcha mtima wa mphukira.

Wopanda feteleza asadandaule. Kompositi kapena manyowa a ng'ombe owolerana, oyalidwa masentimita 3 mpaka 5 kamodzi pachaka, ndi dzanja limodzi la phulusa la nkhuni pa chitsinde chilichonse, n'zokwanira. Phulusa lili ndi potaziyamu ndipo limachepetsa asidi, yemwe amachuluka m'nthaka ya madera a mvula yambiri ngati kuno. Zitosi za nkhuku zaziwisi zili ngati urea, ndipo zimawotcha mizu.

Tizilombo ndi matenda

Mdani wamkulu m'dzinja la Mzuzu ndi nkhono. Masana zimabisala pansi pa masamba, usiku zimakwera kukadya masamba anthete ndi mitu ya maluwa isanatseguke, n'kusiya njira yonyezimira. Kupalira masamba akufa kumachotsa nyumba yawo. Zotsala zitoleni madzulo ndi tochi, kapena gonekani thumba lonyowa pafupi ndi chitsinde n'kukazitola m'mawa zitasonkhana kunsi kwake. Mankhwala a mbulu ophera nkhono ndi oopsa kwa agalu, nkhuku ndi ana, choncho pakhomo pa ziweto ndi bwino kuwapewa. Mchere musawaze m'bedi, umawononga nthaka.

Pali mbozi zomwe zimaboola ngati kapuchi wa chimanga. Zimalowa m'tsamba kapena m'phesi n'kumadya zikutsikira kutsinde. Mudzaona kabowo, zitosi zonga utuchi wonyowa, tsamba looneka ngati lalowa madzi mkati, kapena phesi logwa lokha mutu usanatseguke. Imodzi mwa izo, Brithys crini, ndi yakuda ya mawanga achikasu, ndipo imakonda kwambiri ma amaryllis ndi crinum, choncho yenderaninso maluwa amenewo ngati ali pafupi. Dulani tsamba kapena phesi m'munsi mwa pomwe mbozi yafika, ling'ambeni kuti muione, ipheni. Mbozi ikalowa mkati mankhwala opopera pamwamba saipeza, n'chifukwa chake kuyendera munda kawiri pasabata m'miyezi yofunda kumaposa kupopera.

Kodikodi, tizilombo toyera ngati thonje tofanana ndi ta pachinangwa, timabisala pomwe masamba akumbatirana pakhosi, makamaka m'chilimwe ndi pa zomera za m'miphika. Nyerere zikamakwera ndi kutsika pachitsinde, tsegulani masamba muone. Pukutani ndi kansalu koviika mu spiriti, kapena tsukani ndi madzi a sopo, supuni yaing'ono imodzi pa lita, kubwereza pakatha sabata.

Masamba akachita chikasu onse pamodzi mvula ili mkati, mphukira n'kumazuka mukangoikoka, kunsi kuli kofewa ndi konunkha, kumeneko ndi kuwola kwa mizu. Zulani chitsinde, dulani zowola mpaka mufike poyera, wazani phulusa, umitsani pamthunzi tsiku limodzi, dzalani pamalo ena okwera. Nsonga zouma mofiirira ndi mawanga pamasamba nthawi zambiri ndi chuku cha nyengo yachinyezi: chotsani masamba ogwidwawo, patulani zitsinde kuti mphepo izidutsa. Mizere yachikasu yotsata utali wa tsamba, chomera n'kumapinimbira, ndi chizindikiro cha vairasi, ndipo chotero chizulidwe n'kuotchedwa, chisagawidwe kwa anzanu. Musasokoneze ndi mitundu ya masamba a mizere yoyera yobadwa nayo, yomwe mizere yake imakhala yofanana pa tsamba lililonse. Pa mitundu imeneyi mphukira yobiriwira yokhayokha ikatuluka ichotseni ndi tsinde lake, apo ayi imakula msanga n'kugonjetsa zinzake.

M'miphika

Pakhonde kapena pabwalo la simenti agapanthus amakula bwino mumphika wa masentimita 30 mpaka 40 kukamwa, wokhala ndi mabowo pansi. Dothi lake ndi magawo awiri a dothi lapamwamba, limodzi la kompositi, limodzi la mchenga wa kumtsinje. Mawu oti duwali limachita maluwa likapanikizika ndi oona pang'ono chabe. Mumphika waukulu kwambiri limayamba ladzaza mizu, maluwa pambuyo. Koma mizu ikadzaza mpaka dothi kutha, madzi amangodutsa m'mbali, maluwa amasiya, ndipo mphika wadothi umang'aluka. Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu samutsirani mumphika wokulirapo ndi masentimita 5, kapena gawani. M'dzinja khazikani mphika pa njerwa ziwiri kuti madzi azituluka, ndipo mbale ya pansi ichoke.

Kufesa njere

Wofuna mbande zambiri asiye mitu iwiri kapena itatu pa chitsinde champhamvu. Makoko akafiira n'kuyamba kung'aluka, dulani mutu, uikeni mu envulopu kapena thumba la pepala, umalize kuuma m'nyumba. Mu jumbo njere zimachita nkhungu. Njerezi sizikhalitsa, zifeseni zikadali zatsopano, m'bokosi la dothi losakaniza theka mchenga theka kompositi, n'kuzikwirira pang'ono, osapitirira theka la sentimita. Ikani pamthunzi wowala, dothi likhale lonyowa koma losadikha. Zimamera pakatha masabata 6 mpaka 8, zina msangako kukafunda. Mbande zikhale m'bokosi kapena m'machubu chaka chathunthu musanaziokere kumunda, ndipo duwa loyamba limabwera m'chaka chachitatu kapena chachinayi. Mbande za njere sizitengera kholo nthawi zonse: njere za duwa loyera zikhoza kubala labuluu, za lalifupi kubala lalitali, makamaka ngati njuchi zinayenda pakati pa mitundu iwiri. Ngati mukufuna mzere wa mtundu umodzi, kutalika kofanana kuyambira pageti mpaka pakhonde, tengani magawo a chitsinde chimodzi chomwe munachiona chili ndi maluwa, ndipo zikani kamtengo komangirira kansalu pambali pake mu Disembala kuti pofika Meyi mudzadziwe choyera ndi chabuluu.